Mbiri ya Utsi wa Mzinda wa London

Munthu akalowa m'nyumba yophikiramo yofolera ndi udzu nayang'ana kudenga, amaona kuti mitengo ndi udzu zinada bii. Cakudaco ticha mwaye. Mwayewo unali m'nkhuni, unakwera ndi utsi, nukakamira kudenga pang'ono pang'ono. Wina sunafike kudengako, koma unalowa m'mphuno ndi m'cifuwa ca mai amene anali kuphika. Pamenepa tiona kuti utsi suli mpweya wokha. M'kati mwace muli tinthu ting'onoting'ono, tina touma, tina tonyowa, timene timayandama m'mlengalenga kufikira titapeza pokakamira.

M'kabuku kano tinena za mzinda umodzi umene anthu ace anakhala m'utsi wotere mibadwo yambiri, ndiwo London, likulu la dziko la Britain. Tifuna kudziwa zimene zinali m'utsi umenewo, ndi kumene unkacokera. Nkhani iyi ioneka yapafupi, koma eni mzinda anatha zaka zoposa 600 asanamvane pa yankho lace, ndipo pa kucedwa kumeneko anthu zikwi zambiri anataya moyo.

Malasha a pa nyanja

Kale anthu a mu London ankasonkha moto ndi nkhuni ndi makala. Koma mzinda utakula nkhalango za pafupi zinayamba kutha, nkhuni ndi kukwera mtengo. M'zaka za m'ma 1200 zombo zinayamba kubwera ndi miyala yakuda yoyaka moto, imene ife ticha malasha, kucokera ku Newcastle, kumpoto kwa England. Popeza inadza pa madzi, anthu ankaicha malasha a pa nyanja. Oyamba kuwagwiritsa nchito sanali amai a m'nyumba iai, koma osula zitsulo, ofulula mowa, ndi otentha miyala ya njereza yomangira nyumba. Utsi wace unali ndi pfungo loipa, ndipo anthu omveka anadandaula kwa mfumu. Mu 1306 Mfumu Edward I inaletsa kutentha malashawo m'ng'anjo za mumzinda. Lamulolo silinagwire, pakuti malasha anali otsika mtengo, ndipo munthu wosowa nkhuni safunsa za pfungo.

Pofika caka ca 1600 mu London munali anthu ngati 200,000. Nyumba zambiri tsono zinali ndi macumuni oturutsira utsi, ndipo amai anayamba kuphikira ndi kuothera malasha. Dziko la England liri lozizira. M'miyezi ya cisanu moto suzima m'nyumba.

Mu 1661 munthu wina wophunzira, dzina lace John Evelyn, analemba kabuku kochedwa Fumifugium, nakapereka kwa Mfumu Charles II. M'menemo anadandaula kuti utsi uli kudetsa nyumba ndi zobvala, kudya zitsulo, kupha mitengo ya zipatso, ndi kudwalitsa anthu cifuwa cosatha. Iye analoza cala ofulula mowa, onyika nsaru, ophika sopo ndi mcere, ndi otentha njereza. Anapempha kuti anthu a nchito zimenezi awasamutsire kunsi kwa mtsinje wa Thames, kutali ndi mzinda, ndi kuti kuzungulira mzindawo abzale mitengo ndi maluwa onunkhira. Za moto wa m'nyumba ananena kuti sunali ndi mlandu weniweni. Mfumu inakondwera nako kabukuko, koma palibe cinacitika. Ndipo maganizo akuti utsi woipa ndi wa amisiri okha, osati wa pa moto wa m'nyumba, anakhazikika m'mitima ya anthu zaka zina 300.

Zimene ziri m'utsi wa malasha

Tisanapitirire, tiyeni tione malasha eni ace. Malasha ndi mitengo ndi zomera za kalekale zimene zinakwiririka pansi pa nthaka, nizisanduka mwala. Mbali yaikulu ya mwalawo ndi cinthu cakuda coyaka, conga ca m'makala. Koma mulinso mafuta olemera onga phula, muli dothi losayaka, ndiponso muli sulfure, mankhwala acikasu a pfungo lotsamwitsa. Malasha akaikidwa pa moto, ciri conse ca izi cimatenga njira yace.

Cakuda cija cikapeza moto waukali ndi mphepo yokwanira cimapsa conse, osasiya kanthu kooneka. Koma moto ukakhala wofooka cimathawa cisanapse, ndipo cimaturuka monga mwaye. Phula nalo limasungunuka msanga malasha akangotentha, nilikwera monga utsi wobiriwira kapena wacikasu, ndipo likazizira limamatirira pa mwaye uja ndi kuusandutsa womata. Ndico cifukwa cace mwaye wa malasha ukagwera pa nsaru sucoka pongoukutumula. Dothi losayaka limasanduka phulusa. Lolemera limatsala pansi, lopepuka limauluka. Sulfure imaturuka monga mpweya wosaoneka, woyabwa kukhosi. Mpweya umenewu ukakomana ndi cinyontho m'mlengalenga umasanduka timadontho ta asidi, mtundu womwe uja ukhala m'batire la galimoto.

Apa pali cinthu cimene anthu anacedwa kucizindikira. Ng'anjo ya m'fakitale imatentha kwambiri, motero ikasamalidwa bwino imaturutsa mwaye ndi phula pang'ono, ngakhale phulusa ndi mpweya wa sulfure zimaculuka. Ndiponso cumuni cace ciri cacitali, cimataya utsi m'mwamba. Koma moto wa m'nyumba ya Mngerezi unali wa poyera, pa kacitsulo m'khoma, wosatsekera. Moto wotere uli wofooka: kutentha kwace kwambiri kumathawira m'cumuni pamodzi ndi phula ndi mwaye zosapsa. Cumuni ca nyumba ciri cacifupi, ndipo utsi wace sucedwa kutsikira mumseu m'mene anthu ayenda. Cotero mulu umodzi wa malasha wotenthedwa m'nyumba unkadetsa mpweya wopuma anthu koposa mulu wolingana nao wotenthedwa m'fakitale.

Oyamba kudziwa ukali wa mwaye m'thupi mwao anali tiana tosesa macumuni. Tianyamata ta amphawi, tina ta zaka zosakwana khumi, ankatikweza m'kati mwa cumuni kuti tikapale mwaye, ndipo tinkakhala masiku ambiri osasamba. Mu 1775 dotolo wa mu London, Percivall Pott, anaona kuti ambiri a iwo atakula ankadwala cironda ca khansa kumalo obisika, nanena kuti cocititsa ndi mwaye wokhalitsa pa khungu. Patapita zaka zambiri akatswiri anapezadi m'phula la malasha mankhwala oyambitsa khansa.

Utsi ukomana ndi nkhungu

London anamangidwa m'cigwa ca mtsinje wa Thames, ndipo m'miyezi yozizira nkhungu imagwa kawirikawiri. Nkhungu ya kumidzi iri yoyera, dzuwa likakwera imabalalika. Koma ya mu London inali ina. Mu 1880 munthu wa ku Scotland, John Aitken, anasonyeza kuti kadontho kali konse ka nkhungu kamayamba pa kapfumbi kamene cinyontho cimagwirapo. Kumene kuli pfumbi ndi mwaye wambiri, timadontho timaculuka, nkhungu ndi kukhuthala. Ndiponso utsi umachinga dzuwa limene likanaumitsa nkhunguyo, kotero kuti imakhala masiku. Mtundu wace unali wacikasu, nthawi zina wofiirira kapena wakuda, ndipo eni mzinda ankaifanizira ndi msuzi wa nsawawa. Mu 1905 dotolo wina, Henry Des Voeux, anachukitsa dzina lakuti smog, lopangidwa polumikiza mau awiri a Cingerezi, la utsi ndi la nkhungu.

M'zaka za m'ma 1800 zonsezi zinakula koopsa. Mu 1800 mzindawo unali ndi anthu ngati 1,000,000. Pofika 1900 anapitirira 6,000,000. Kunadza mafakitale a makina oyendera nthunzi, nyumba zopangira gasi wounikira, sitima za pamtunda ndi za pamadzi, zonse zodya malasha. Miyala ya nyumba yaikulu ya mapemphero ya St Paul's inada, ndipo asidi anaidya pang'ono pang'ono. Ana a m'miseu yopanikizana ankasowa dzuwa, nadwala nthenda yopinda miyendo. Mu Disembala 1873 nkhungu inapha ng'ombe zonenepa zimene alimi anadza nazo ku cionetsero mumzindamo, ndipo anthu akufa sabata imeneyo anaculuka koposa masiku onse.

Boma silinangokhala cete. Mu 1853 Nyumba ya Malamulo inaika lamulo lokakamiza eni mafakitale a mu London ndi eni sitima za pa Thames kucepetsa utsi, ndipo apolisi ankayang'anira macumuni. Koma lamulolo silinakhudze nyumba za anthu. Mu 1880 Rollo Russell analemba kabuku ka nkhungu za mu London, nanena poyera kuti gwero lalikulu la utsi ndi moto wa m'nyumba. Anthu anawerenga, ambiri anabvomera, koma palibe anafuna kuyamba ndiye. Kwa Mngerezi moto wa malasha wolilima m'khoma unali mtima wa banja, monga momwe bwalo la moto liri kwa ife madzulo. Aphungu ankaopa kuti akaukhudza anthu awakana pa cisankho. Lamulo lina la utsi la mu 1926 linalambalalanso nyumba za anthu. Sitinganene kuti sanadziwe; kudzudzula mwini fakitale kunali kwapafupi koposa kuzima moto wa iwe mwini.

Ayamba kuyesa

Mkangano wa mau okha sukanatha popanda miyeso. Mu 1912 kunakhazikitsidwa komiti yofufuza za kudetsedwa kwa mpweya, ndipo nchito yace yambiri anaigwira John Switzer Owens, dotolo amene analinso mmisiri wa makina. Iye anaika m'malo osiyanasiyana zotengera za kukamwa kwakukulu zokhala ndi botolo pansi. Mvula ndi pfumbi lonse logwa kumwamba zinkalowa m'menemo, ndipo mwezi ukatha ankayesa kuti phula nlocuruka bwanji, mwaye bwanji, phulusa bwanji, sulfure bwanji. Anapanganso kamakina kokoka mpweya kupyola pa pepala loyera. Mpweya ukadutsa unkasiya banga, ndipo kuda kwa bangalo kunkasonyeza kuculuka kwa mwaye pa ora limenelo.

Timabanga timeneti tinaulula zambiri. Utsi unkakwera m'mawa, nthawi imene amai akoleza moto, ndi madzulo. Unkaculuka m'miyezi ya cisanu ndi kucepa m'miyezi yofunda, cinkana mafakitale agwira nchito caka conse. Pa tsiku la Sabata, pamene mafakitale ambiri anali otseka, utsi sunkatha iai, unkangocepa pang'ono. Owens ndi mnzace Napier Shaw analemba zimenezi m'buku mu 1925, nasonyeza kuti utsi woposa theka pakati pa London unali wa m'nyumba za anthu. Umboni unalipo tsono. Koma kunadza mabvuto a cuma, pambuyo pace nkhondo yaikulu yaciwiri, ndipo nkhani ya utsi inaikidwa pambali.

Masiku asanu a mu 1952

Nkhondo itatha dziko la Britain linali ndi ngongole zambiri. Malasha abwino ambiri ankagulitsidwa kunja kuti dziko lipeze ndarama, ndipo a m'nyumba ankagulidwa mwa muyeso woikidwa ndi boma. Kunja kwa muyesowo anthu ankaloledwa kugula malasha a zinyenyeswa osakanizika ndi pfumbi, amene ankafuka kwambiri. M'kati mwa mzinda momwemo munali nyumba zazikulu zopangira magetsi, monga Battersea, Bankside ndi Fulham, zotentha malasha usana ndi usiku. Ndipo mu Julayi 1952 magareta a magetsi oyenda pa njanji za m'miseu analeka kuyenda; m'malo mwao munalowa mabasi a dizilo, amene anaonjezera utsi wao.

Kumayambiriro kwa Disembala caka cimeneco kunazizira kwambiri, ndipo nyumba iri yonse inasonkhezera moto. Tsono mphepo inaleka kuomba. Masiku onse mpweya wa pafupi ndi nthaka umakhala wofunda koposa wa m'mwamba, motero umakwera ndi kunyamula utsi. Koma nthawi iyi zinatembenuka: mpweya wozizira unagona pansi m'cigwa, wofunda ndi kukhala pamwamba pace monga cibvundikiro pa mphika. Utsi ukaturuka m'cumuni unkasowa kolowera. Lacisanu pa 5 Disembala nkhungu inagwa, ndipo sinacoke kufikira Laciwiri pa 9.

Akatswiri a zanyengo anawerengera kuti tsiku liri lonse la masiku amenewo mumpweya wa mzindawo munkalowa matani 1,000 a mwaye, ndi matani 370 a mpweya wa sulfure, umene unasanduka matani 800 a asidi. Zonsezi zinkangounjikana pansi pa cibvundikiro cija.

Usana unasanduka usiku. M'madera ena munthu sankatha kuona mapazi ace. Mabasi analeka kuyenda, ndipo amene anayesa ankatsogozedwa ndi munthu woyenda pansi atanyamula muuni. Magalimoto onyamula odwala anaima, kotero kuti wodwala ankayenera kudzifikitsa yekha ku cipatala. Sitima za pansi pa nthaka zokha ndizo zinkayenda. Utsi unalowa ndi m'nyumba momwe: ku nyumba ya masewero ya Sadler's Wells analekeza sewero pakati cifukwa oonerera sankaona ocita sewerowo. Ku cionetsero ca ziweto ku Earl's Court ng'ombe zinayamba kubanika. Zina zinafa, zina anazipha pozimvera cisoni, monga zinacitikira mu 1873.

Cozizwitsa ncakuti anthu sanacite mantha. Anazolowera nkhungu kuyambira ubwana wao, ndipo anangoti iyi yakula pang'ono. Anthu sanali kugwa m'miseu. Ankafera m'nyumba zao ndi m'zipatala, mmodzi uku, wina uko, makamaka okalamba, makanda, ndi amene anali kale ndi nthenda za cifuwa ndi za mtima. Oyamba kuona kuti zinthu zaipa anali ogulitsa mabokosi a maliro, pakuti mabokosi anawathera. Mawerengero ataturuka kunapezeka kuti anthu ngati 4,000 anafa kuposa amene akanafa masiku wamba. Ndipo imfa sizinaleke nkhungu itacoka. Zinapitirira kuculuka mpaka miyezi yoyamba ya 1953. Boma linati zimenezo zinali za cimfine. Koma mu 2001 akatswiri awiri, Michelle Bell ndi Devra Davis, atapendanso mawerengerowo anapeza kuti cimfine cokha sicikanapha anthu onsewo, ndi kuti ophedwa ndi nkhunguyo anali ngati 12,000.

Zidutswa za mapapo a ena amene anafa zinasungidwa m'cipatala. Patapita zaka 50 anaziyang'ana ndi makina okuza zinthu, napeza m'kati mwace mwaye wosalala kwambiri, pamodzi ndi tizidutswa ta zitsulo monga mtobvu. Tinthu timeneti tinalowa mpaka m'timatumba ta mkati mwenimweni mwa mapapo, m'mene mpweya ukomana ndi mwazi.

Lamulo lifika pa moto wa m'nyumba

Poyamba boma linazengereza. Nduna yoyang'anira za nyumba ndi maboma a mizinda inali Harold Macmillan, yemwe uja anadzafika ku Blantyre mu 1960 ali nduna yaikulu ya Britain. Iye ankaona kuti malamulo alipo kale okwanira, ndi kuti dziko liribe ndarama. Madotolo analoledwa kupatsa odwala tinsaru tophimba pakamwa ndi pamphuno, timene sitinathandize kwenikweni. Koma aphungu ndi manyuzipepala sanaleke kufunsa, ndipo mu 1953 boma linaika komiti yotsogozedwa ndi Sir Hugh Beaver. Mu 1954 komitiyo inanena kuti pafupifupi theka la utsi wonse wa m'dzikomo ucokera m'macumuni a nyumba za anthu, ndi kuti utsi umenewu ndiwo woopsa koposa, popeza uturukira pafupi ndi nthaka ndiponso m'miyezi ya nkhungu. Inawerengeranso kuti mpweya woipa unkaonongetsa dziko ndarama zokwana £250,000,000 pa caka.

Phungu wina, Gerald Nabarro, anabweretsa lamulo lace m'Nyumba ya Malamulo, nalicotsa pokhapokha boma litalonjeza kubweretsa lace. Motero mu 1956 kunakhazikitsidwa lamulo la mpweya woyera, lochedwa Clean Air Act. Linapatsa makhonsolo mphamvu yoika madera m'mene munthu saloledwa kuturutsa utsi m'cumuni ca nyumba yace. Nzeru ya lamuloli inali yakuti silinangoletsa: boma ndi khonsolo ankalipira mbali yaikulu ya mtengo wosinthira malo a moto, kuti banja liziothera gasi, magetsi, kapena malasha ocotsedwa kale phula. Mafakitale anawaletsa utsi wakuda, ndipo lamulo lina la mu 1968 linaonjezera za kutalika kwa macumuni.

Tisaiwale kuti lamulo linathandizidwa ndi zinthu zina. Anthu anali kulemera, ndipo ambiri anakonda okha moto wa gasi wosafuna kuola phulusa m'mawa. Sitima za malasha zinatha mu 1968. Gasi anapezeka pansi pa nyanja ya kum'mawa kwa Britain. Mafakitale ambiri anatseka kapena kusamuka. Nkhungu yoipa inabweranso mu Disembala 1962, koma akufa anali mazana, osati zikwi. Bankside inaleka kupanga magetsi mu 1981, Battersea mu 1983, ndipo nyumba ya Bankside anaisandutsa malo oonetserako zithunzi.

Pfumbi losaoneka

Mwaye wa malasha utacepa anthu anayesa kuti nkhondo yatha. Koma m'miseu magalimoto anali kuculuka. Petulo wa masiku amenewo ankathiramo mtobvu, umene umaononga ubongo wa ana, ndipo unkaturuka ndi utsi monga pfumbi losalala; petulo wotere analeka kugulitsidwa mu Britain pofika caka ca 2000. Injini za dizilo nazo zimaturutsa mwaye wosalala koposa wa malasha. Kuyambira mu 2001 msonkho wa magalimoto unakonzedwa mokomera a dizilo, cifukwa amamwa mafuta pang'ono, ndipo anthu ambiri anawagula. Mu 2012 bungwe la zaumoyo la dziko lonse linanena kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo.

Oyesa mpweya analeka kudalira kuda kwa banga pa pepala, nayamba kuyesa pfumbi monga mwa kukula kwace. Lokulirapo alicha PM10, losalala kwambiri alicha PM2.5. Kuti timvetse kucepa kwace, titenge tsitsi limodzi la munthu: tinthu ta PM2.5 pafupifupi 30 tondandalikidwa pamodzi ndito tingalingane ndi kunenepa kwa tsitsilo. Pfumbi lalikulu limakodwa m'mphuno ndi kukhosi, munthu nalitsokomola. Losalala limapyola mpaka pansi pa mapapo, ndipo limabvutitsa mtima ndi mitsempha ya mwazi. Mu 1993 akatswiri a ku Harvard, atatsata miyoyo ya anthu m'mizinda isanu ndi umodzi ya ku America zaka zambiri, anapeza kuti kumene pfumbi losalala liculuka anthu amafa msanga, ngakhale kumwamba kukuoneka koyera.

Akatenga pfumbi la mu London la masiku ano ndi kulipatula, amapeza kuti liri la mitundu yambiri, ndipo mtundu uli wonse umaulula kwao. Muli mwaye wa injini. Muli tizidutswa ta matayala, ta mabuleki ndi ta mseu, timene ngakhale galimoto ya magetsi imaturutsa. Muli pfumbi la pa malo omangapo nyumba, utsi wa mafuta ophikira m'nyumba zodyeramo, ndi mcere wodza ndi mphepo ya kunyanja. Nthawi zina mumapezeka mcenga wa ku cipululu ca Sahara, monga mu Epulo 2014, pamene anthu anadzuka napeza magalimoto ao ali ndi pfumbi lofiira. Koma mbali yaikulu siituruka m'cumuni kapena m'galimoto iri pfumbi kale. Imabadwira m'mlengalenga momwemo, pamene mpweya wa m'injini ndi m'mafakitale ukomana ndi mpweya wonunkha wocokera ku ndowe za ziweto ndi feteleza wa m'minda. Ndico cifukwa cace pfumbi limaculuka m'miyezi ya Malici ndi Epulo, pamene alimi athira m'minda, makamaka mphepo ikacokera kum'mawa, ku maiko a ku Ulaya. Gawo lalikulu la pfumbi limene munthu wa mu London apuma licokera kunja kwa mzinda wace.

Mu 2013 mtsikana wa zaka 9, wokhala pafupi ndi mseu waukulu kumwera kwa mzindawo, anamwalira ndi mphumu. Mai wace sanaleke kufunsa cimene cinapha mwana wao, ndipo mu Disembala 2020 woweruza wofufuza za imfa anagamula kuti mpweya woipa unali cimodzi mwa zocititsa. Aka kanali koyamba mu Britain kuti mau otere alembedwe pa kalata ya imfa ya munthu. Mu 2019 akulu a mzinda anaika dera m'mene galimoto yakale yofuka ilipira ndarama tsiku liri lonse ikalowa, ndipo mu 2023 deralo analikuza kufikira mzinda wonse, cinkana ambiri okhala m'mphepete anadandaula kuti cilango cigwera amphawi osatha kugula galimoto yatsopano.

Moto wa m'nyumba nao unabwerera mwa njira ina. Kuyambira zaka za m'ma 2000 mabanja ambiri, makamaka opeza bwino, anayamba kugula mbaula za nkhuni ndi kutsegulanso malo a moto akale aja, cinkana nyumba zao ziri ndi gasi wofunditsa. Nkhuni zikapsa zimasiya m'utsi cizindikiro cace cimene malasha ndi dizilo ziribe, ndipo akatswiri a ku King's College London anacitsata m'miyeso yao. Anapeza kuti utsi wa nkhuni umakwera madzulo a m'miyezi yozizira, ndipo umaposa Loweruka ndi pa Sabata, pamene anthu akhala pa nyumba. Mu 2021 boma linayamba kuletsa kugulitsa nkhuni zaziwisi za m'timatumba m'dziko la England, ndipo mu 2023 linaletseratu kugulitsa malasha wamba oothera m'nyumba.